Funsani Tikuyankheni: Liberalism, ufulu wa munthu ndi malire a boma

Mwezi uno makalata ambiri agwera pa liwu limodzi lomwe limamveka pa wailesi ndi m'makalasi koma kawirikawiri silimasuliridwa: liberalism. Talisiya m'Chingerezi chifukwa Chichewa chilibe liwu limodzi lolinyamula lonse. Tasankha makalata asanu ndi awiri.

Ndili chaka choyamba pa yunivesite. Aphunzitsi akuti malamulo aakulu a dziko lino anamangidwa pa liberalism, koma m'mabuku ndikupeza matanthauzo ambirimbiri mpaka mutu wazungulira. Phata lake ndi liti?
*Wophunzira, Zomba*

Phata lake ndi funso limodzi: pakati pa wolamula ndi wolamulidwa, ndani ayenera kupereka chifukwa? Kwa zaka mazanamazana ku Ulaya munthu wamba ndiye ankapempha chilolezo, kaya pofuna kupemphera mwanjira yake, kusindikiza buku kapena kuyamba malonda. Liberalism inatembenuza zimenezi. Inati munthu amabadwa mfulu, ndipo amene akufuna kumuletsa kanthu, kaya ndi mfumu, bishopu, pulezidenti kapena chikhamu cha anthu, ndiye afotokoze chifukwa chomveka. Liwulo linachokera ku Chilatini, liber, kutanthauza mfulu. Andale oyamba kutchedwa ndi dzinali anali aphungu a ku Spain amene anasonkhana mumzinda wa Cádiz n'kulemba malamulo a dziko lawo a mu 1812.

Chinabala maganizowa ndi magazi. Akatolika ndi Apolotesitanti anaphana ku Ulaya kwa zaka zoposa 100. Nkhondo ya 1618 mpaka 1648 inapululutsa madera ambiri a Germany, kwina munthu mmodzi mwa atatu aliwonse n'kufa ndi lupanga, njala kapena mliri. Mu 1685 mfumu Louis XIV ya France inathetsa lamulo lomwe linkateteza Apolotesitanti, ndipo anthu pafupifupi 200,000 anathawa, ena mpaka kukafika ku Cape, ku South Africa. Nthawi imeneyo John Locke, Mngerezi amene anali atathawira ku Holland, ankalemba zoti mphamvu ya boma ingagwaditse munthu koma singamukhulupiritse, choncho nkhani za moyo wauzimu si za boma. Mu 1688 Angerezi anachotsa mfumu James II, ndipo chaka chotsatira nyumba ya malamulo inalemba malire a mfumu: isaimitse lamulo payokha, isadule msonkho popanda aphungu, isasunge gulu la asilikali nthawi ya mtendere popanda chilolezo chawo, ndipo belo isakhale yolemetsa mopitirira muyeso.

Locke anayala mfundo zake mwandondomeko, ndipo mukaigwira ndondomekoyi zina zonse zimatsatira. Munthu ali ndi moyo wake, ufulu wake ndi katundu wake boma lisanabwere. Popanda boma pamasowa zinthu zitatu: lamulo lodziwika kwa onse, woweruza wosakondera, ndi mphamvu yokwaniritsa chigamulo. Anthu amavomera boma kuti lipereke zitatuzi. Mphamvu imene boma lili nayo ndi yosungitsidwa, ngati ndalama za banki m'khonde zili m'manja mwa msungichuma: amazigwira, amaziwerenga, koma si zake, ndipo akayamba kudyamo gulu limamulanda bokosi. Kuchokera apa mpamene pamatuluka mfundo zimene mukuziona m'mabukumo: munthu aliyense payekha ndi wofunika, onse ndi ofanana pamaso pa lamulo, boma liyenera kuvomerezedwa ndi anthu, mphamvu zake zikhale ndi malire olembedwa, ndipo osiyana chikhulupiriro alolerane.

Aphunzitsi anu akunena zoona. Tsegulani gawo 12 la malamulo aakulu a 1994: likuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu a Malawi ndipo amene akuzigwiritsa ntchito wangosungitsidwa. Gawo 5 likuti lamulo lililonse kapena mchitidwe uliwonse wa boma wotsutsana ndi malamulo aakuluwa ndi wopanda mphamvu. Mutu wachinayi wonse ndi mndandanda wa malire amene boma siliyenera kudumpha.

Kwathu kuno akuluakulu akuti ufulu ndiwo waononga ana. Atsikana akuvala mosadzilemekeza, mabala akulira usiku wonse, ukadzudzula akuti "ndi ufulu wanga". Kodi zimenezi si chisawawa chabe?
*Mayi wa chigwirizano, Ntcheu*

Mayi, m'kalata yanu muli nkhani ziwiri, ndipo liberalism imaziyankha mosiyana. Muyeso wodziwika kwambiri anaupereka John Stuart Mill mu 1859: chifukwa chokhacho chololeza kukakamiza munthu wamkulu ndicho kumuletsa kuvulaza anzake. Afalansa anali atalemba kale zofanana mu 1789, kuti ufulu ndiko kuchita chilichonse chosapweteka wina.

Tiike bala pa sikelo imeneyi. Zimkuzamawu zikalira mpaka tambala woyamba, wodwala wa nyumba yoyandikana sagona, mwana wa Fomu 4 sawerenga, mlonda amene wagwira usiku wa dzulo sapuma. Pamenepo pali ovulazidwa enieni, ndipo khonsolo ili ndi chifukwa chokwanira choikira maola otsekera ndi kulanda chiphaso kwa wosamvera. Mwini bala akati "ndi ufulu wanga", walakwitsa chiphunzitso chomwe akuchitchulacho.

Chovala n'china. Chingakunyanseni, koma sichikubayani, sichikuberani, sichikulandani tulo. Apa muli ndi ufulu wonse wolangiza, wodzudzula, wokana kuti mwana wa m'nyumba mwanu avale chotero. Mill yemweyo ananena poyera kuti muyeso wake ndi wa akuluakulu, ana ali m'manja mwa owalera. Mpingo nawonso ungaike malamulo a kavalidwe kwa akhristu ake, popeza wosagwirizana nawo ali ndi khomo lotulukira. Chokanidwa ndi chimodzi: kuitanira wapolisi, kapena kuika manja pa thupi la munthu. Dziko lino linayesapo njira ya apolisi. Lamulo la 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi mpaka pomwe linathetsedwa mu 1993. Mu Januwale 2012 magulu a anyamata m'misika ya Lilongwe ndi Blantyre anavula amayi ovala mathalauza pakati pa anthu. Amene anavulaza mnzake tsiku limenelo ndi wovulayo.

Mzerewu umalembedwa pamenepa chifukwa chonyansa chimasintha malinga ndi amene ali pampando. Mu 1967 boma linaletsa Mboni za Yehova, makamaka chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Mu 1972 zikwizikwi zinathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, nyumba zitatenthedwa, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Ambiri amene anangoonerera ankati n'za iwo okha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: mphamvu yoletsa mpingo umodzi ndi yomweyo ingadzatseke wanu.

Malire a ufulu alipo ndithu, ndipo gawo 44 la malamulo aakulu limafunsa mafunso anayi boma lisanawaike. Kodi chiletsocho chalembedwa m'lamulo? Kodi ndi chanzeru? Kodi chikugwirizana ndi miyeso ya ufulu imene mayiko amaivomereza? Kodi n'chofunikadi m'dziko lomasuka la demokalase? Kuletsa kugulitsa zakudya zophikaphika pamsika nthawi ya kolera kungadutse mafunso onsewa, bola kukhale kwa nthawi yodziwika. Kuthamangitsa mwana wa Chirasta pasukulu ya boma chifukwa cha tsitsi lake kunalephera, ndipo mu 2023 khoti lalikulu ku Zomba linalamula kuti ana otere alandiridwe.

Povuta ndi pa liwu loti kuvulaza, chifukwa limatambasuka ngati mphira. Bambo amene wamwera ndalama zonse za fodya anganene kuti chiwindi n'chake. Mill anayankha kuti kumwako n'kwake, koma akalephera kudyetsa ana angathe kulangidwa, ndipo chilangocho n'cha kutaya banja, osati cha mowa. Kusiyanitsa kumeneku kumaoneka kochepa, koma ndiko kumaletsa boma kulowa m'nyumba ya aliyense ponamizira kumuteteza.

Kodi liberalism si demokalase yomweyi? Anthu ambiri akavota, chatsala n'chiyani?
*Mphunzitsi wa pulayimale, Salima*

Aphunzitsi, ziwirizi zimayenda limodzi masiku ano koma zimayankha mafunso osiyana. Demokalase imafunsa kuti alamule ndani. Liberalism imafunsa kuti wolamulayo alekezere pati. Dziko lingakhale ndi china popanda chinzake. Britain ya m'ma 1830 inali ndi makhoti amphamvu ndi nyuzi zodzudzula boma, koma ngakhale lamulo la zisankho litasinthidwa mu 1832, ku England ndi Wales ovota anali pafupifupi mwamuna mmodzi mwa asanu. Mbali inayo, pa 23 Malichi 1933 nyumba ya malamulo ya Germany inavota, 444 kwa 94, kupatsa boma la Adolf Hitler mphamvu yopanga malamulo popanda aphungu. Aphungu a chipani cha Chikomyunizimu anali atamangidwa kapena kubisala. Mavoti anawerengedwa bwinobwino, ufulu n'kuthera pomwepo.

N'chifukwa chake ma liberal amadalira zomangira kuposa mtima wabwino wa mtsogoleri. Montesquieu wa ku France analongosola chomangira chachikulu mu 1748: wopanga lamulo, woligwiritsa ntchito ndi woweruza akhale anthu osiyana. Kwa ife zili m'magawo 7, 8 ndi 9. Pamwamba pa icho pali zina zing'onozing'ono zimene anthu saziona kufunika mpaka tsiku la mavuto. Jaji sachotsedwa chifukwa chigamulo chake chakwiyitsa boma, ndipo malipiro ake sadulidwa popanda iye kuvomera. Pulezidenti salamulira kupitirira matemu awiri otsatizana. Kusintha malamulo aakulu kumafuna aphungu awiri mwa atatu aliwonse, ndipo magawo otetezedwa, kuphatikizapo a ufulu wachibadwidwe, amafuna riferendamu ngati kusinthako kukukhudza tanthauzo lake. Boma silidula msonkho kapena kugwiritsa ntchito ndalama popanda nyumba ya malamulo.

Zomangirazi zayesedwapo kuno. Pa 4 Julaye 2002 bilu yochotsa malire a matemu a pulezidenti inapeza mavoti 125 pomwe pankafunika 128, ndipo inagwa ndi mavoti atatu okha. Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, khoti la apilo linagwirizana nawo mu Meyi, ndipo anthu anavotanso pa 23 Juni. M'mwezi womwewo wa Juni boma linayesa kutumiza mkulu wa majaji, Andrew Nyirenda, ku tchuthi chodikira kupuma ntchito, khoti n'kuletsa.

Kawirikawiri zomangira sizidulidwa ndi chikwanje tsiku limodzi, zimadyedwa ndi chiswe. Bungwe loona za katangale limapatsidwa ndalama zosakwana mafuta a galimoto. M'mipando ya mabungwe oima paokha mumaikidwa achibale ndi okhulupirika kuchipani. Nyuzi yodzudzula imalandidwa malonda a boma mpaka kulephera kulipira atolankhani. Chigamulo cha khoti chimalandiridwa ndi mawu aulemu koma osachitidwa. Chilichonse mwa izi pachokha chimaoneka chaching'ono, ndipo chisankho chimachitikabe pa nthawi yake.

Ndimalima chimanga, soya ndi fodya. Anatiuza kuti kumasula msika kudzatipindulitsa, koma lero mavenda amatigula motchipa pokolola n'kudzatigulitsa chimanga chomwecho modula mu Januwale. Kodi ufulu wa msika ndi umenewu?
*Mlimi, Kasungu*

Bambo, funso lanu lagunda pomwe ma liberal eni ake amakangana kwa zaka zoposa 100. Tiyambe ndi chifukwa chomwe anakondera msika poyamba. Nthawi ya Adam Smith, katswiri wa zachuma wa ku Scotland amene buku lake lalikulu linatuluka mu 1776, malonda ena akuluakulu anali a makampani opatsidwa chilolezo ndi mfumu kuti azigulitsa okha. Msika womasuka unali chida cholandira anthu wamba mwayi kwa okondedwa a boma. Chitsanzo chomveka ndi malamulo a tirigu a ku Britain a 1815, amene ankatchinga tirigu wakunja kuti eni minda ikuluikulu azigulitsa modula pomwe ogwira ntchito m'mafakitale akugula buledi mokwera. Richard Cobden ndi John Bright anatsogolera ndawala kuchokera ku Manchester mpaka malamulowo anathetsedwa mu 1846.

Kwa inu nkhaniyi si yachilendo. M'zaka za m'ma 1970 mlimi wamng'ono ankagulitsa mbewu zake ku ADMARC pa mtengo woikidwa ndi boma, nthawi zambiri wotsika kuposa wa kunja, ndipo phindu lambiri linkapita kukakuza maesiteti. Fodya wa bale anali wa maesiteti okha mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Kulola mlimi wa maekala awiri kulima bale n'kukagulitsa ku okushoni kunali kuchotsa tsankho lenileni.

Koma msika uli ndi zofunika zake, ndipo zikasowa umasanduka msampha. Pamafunika ogula ambiri opikisana, msewu woti galimoto ifike, mlimi wodziwa mtengo wa m'tauni, sikelo yoona, ndi wogulitsa amene angathe kukana n'kudikira. Ndondomeko zosintha chuma zimene Malawi anayamba ndi World Bank ndi IMF mu 1981 zinatsegula malonda a mbewu kwa anthu wamba mu 1987, ndipo misika ina ya ADMARC yosapindula inatsekedwa. Kufupi ndi misewu ogula anabwera. Kumadera akutali kunabwera venda mmodzi ndi sikelo yake yopachika pamtengo. Taonani mmene zimakhalira mu Meyi: fizi ya teremu yachitatu ikufunika, ngongole ya feteleza yafika, nkhokwe yabwino palibe, anankafumbwe akudikira. Mlimi wotero sakukambirana mtengo, akungolandira. Smith mwiniwake anachenjeza kuti anthu a malonda amodzi akakumana, ngakhale pachisangalalo, nkhani imathera pa kupangana zokwezera anthu mitengo. Anapatsanso boma ntchito zitatu: chitetezo, chilungamo, ndi zinthu zothandiza onse monga misewu ndi milatho zimene munthu payekha sangapindule kuzimanga.

Apa mpamene liberalism inachita mphanda, n'kukhala ndi nthambi ziwiri. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ena, monga T. H. Green ndipo kenako L. T. Hobhouse, anati munthu wanjala, wodwala kapena wosadziwa kuwerenga ndi mfulu papepala pokha. Boma la chipani cha Liberal ku Britain linayamba penshoni ya okalamba mu 1908, mashiling'i asanu pa sabata kwa a zaka 70 kupita m'tsogolo, ndipo mu 1911 linabweretsa inshuwalansi ya matenda ndi ulova. William Beveridge, amene lipoti lake la 1942 linatsegula njira ya zipatala zaulere za 1948, anali wa chipani chomwecho, monganso katswiri wa zachuma John Maynard Keynes. Mu 1971 John Rawls wa ku America anapereka muyeso wosavuta kuumva: malamulo achilungamo ndi amene mungawasankhe musanadziwe kuti mudzabadwa mwana wa nduna kapena wa tenanti. Zili ngati kuuza wodula nyama kuti iye atenga nthuli yotsala, amadula mosamala. Nthambi inayo, ya akatswiri a zachuma Friedrich Hayek ndi Milton Friedman, inaopa boma lokula. Mfundo yamphamvu ya Hayek inali yoti palibe ofesi imene ingadziwe zomwe mamiliyoni a ogula ndi ogulitsa akudziwa, ndipo mtengo ndiwo umanyamula uthengawo. Maganizo a nthambi imeneyi ndi amene anali pamwamba m'zaka zomwe Margaret Thatcher ankalamulira Britain ndipo Ronald Reagan ankalamulira America, nthawi yomwe ngongole zathu zinkabwera ndi mfundo zake.

Ife tikuona kuti kuchotsa wogula mmodzi wa boma n'kusiya wogula mmodzi wapadera sikumasula mlimi. Zimene zimabweza mphamvu m'manja mwanu n'zogwirika. Gulitsani pagulu kudzera mu kalabu kapena kopaletivi, chifukwa matumba 200 amaitana galimoto ya wogula wamkulu pomwe matumba asanu amaitana njinga ya venda. Yesani thumba lanu pa sikelo ina musanapite nalo, ndipo funsani ngati sikelo ya wogulayo inayesedwa ndi Malawi Bureau of Standards. Umitsani chimanga mokwanira ndi kuchisunga m'matumba osalowa mpweya kuti muthe kudikira miyezi itatu kapena inayi. Ogula akapangana mtengo umodzi, imeneyo ndi nkhani ya Competition and Fair Trading Commission.

N'chifukwa chiyani zipani zotchedwa Liberal m'mayiko osiyanasiyana zimanena zinthu zotsutsana?
*Wowerenga, Leeds*

Chifukwa cha mphanda tafotokozayi. Ku America liwuli limanena za anthu ofuna boma lothandiza osauka, mbali ya chipani cha Democratic. Ku France ndi kumayiko ambiri a ku Ulaya limanena za okonda msika ndi misonkho yochepa. Liberal Party ya ku Australia ndi Liberal Democratic Party ya ku Japan ndi zipani za osafuna kusintha zinthu msanga, pomwe Liberal Party ya ku Canada ili pakati, kupendekera kwa ofuna chithandizo cha boma. Dzina lisakusokonezeni. Funsani ngati chipanicho chimamvera khoti chikagonja mlandu, ngati chimateteza ufulu wa amene chimadana nawo, ndiponso ngati chimachoka pampando mavoti akachikana.

Anthu amene ankalemba za ufuluwa ndi omwewo ankagula akapolo ndi kulanda mayiko athu. Ife tili ndi umunthu wathu. Tikutengeranji nzeru za achiphamaso?
*Mbale wanu, Johannesburg*

Achimwene, mlandu umene mwatulawu ndi woona ndipo suyenera kuphimbidwa. Locke anali ndi masheya mu Royal African Company, kampani yogulitsa akapolo, ndipo anathandiza kulemba malamulo a 1669 a dera la Carolina ku America amene anapatsa mbuye mphamvu zonse pa kapolo wake. M'kulolerana kwake kuja anasiya kunja osakhulupirira Mulungu, ndipo iye sanawakhulupirire Akatolika. Thomas Jefferson wa ku America, amene analemba mu 1776 kuti anthu onse analengedwa ofanana, anakhala ndi akapolo oposa 600 pa moyo wake. Mill anagwira ntchito zaka 35 ku East India Company, kampani ya Angerezi yomwe inkalamulira India, ndipo analemba kuti ulamuliro wankhanza ndi wololedwa pa mitundu imene iye ankaiona yotsalira. Kuno nyumba ya malamulo ya Nyasaland inakhazikitsidwa mu 1907, koma Mwafrika woyamba analowamo mu 1949.

Chinachitika pambuyo pake n'chakuti otsekeredwa kunjawo anatola mfundo yomweyo n'kuwalasa nayo eni ake. Akapolo a ku Haiti anaukira mu 1791, zaka ziwiri Afalansa atalengeza ufulu wa munthu, ndipo mu 1804 anakhazikitsa dziko lawo. Mary Wollstonecraft mu 1792 anafunsa chifukwa chimene ufuluwo unkalekezera pa amuna. Mill yemwe uja mu 1867 anapempha nyumba ya malamulo kuti amayi azivota, nagonja ndi mavoti 196 kwa 73. John Chilembwe, m'kalata yake ya 1914 yopita ku nyuzi ya Nyasaland Times, anafunsa chifukwa chimene Aafrika osauka ayenera kufera nkhondo ya anthu olemera. Limenelo ndi funso lija la poyamba: wolamula apereke chifukwa. Kumene muliko, Liberal Party ya Alan Paton, yomwe inayamba mu 1953, inasankha kudzithetsa mu 1968 lamulo litaletsa zipani zosakaniza mitundu. Steve Biko naye anawadzudzula azungu a maganizowa kuti ankafuna kulankhulira anthu akuda m'malo mowasiya adzitsogolere, ndipo chidzudzulocho chinali ndi maziko.

Za umunthu, tikuvomereza kuti pali mpata weniweni. Liberalism imalankhula kwambiri za zimene munthu ayenera kulandira, pang'ono za zimene ayenera kuchitira anzake. Kalikokha n'kanyama, ndipo n'chifukwa chake pangano la ufulu la mayiko a Africa la 1981 linalembamo udindo wa munthu kwa banja ndi kwa mudzi. Bwalo la mfumu, pomwe mbali zonse zimamvedwa mlandu usanagamulidwe ndipo mfumu imamvera nduna zake, linalipo Locke asanabadwe. Koma pali funso limodzi lomwe mudzi pawokha umavutika kuliyankha: mudziwo ukamutembenukira munthu, amuteteze ndani? Agogo amene anyamata awazungulira ndi miyala powanamizira ufiti mvula ikachedwa, kapena mayi wamasiye amene achibale a mwamuna akutulutsa malata ndi mbuzi maliro asanathe, akusowa lamulo lowaona iwo paokha ngati munthu wathunthu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene limati kulanda katundu wotere ndi mlandu, linalembedwera anthu amenewa.

Mng'ono wanga amagulitsa zitumbuwa ndipo amadzuka usikusiku kukapeza malo pamsika. Anagwidwa, anagona m'chitokosi masiku anayi osauzidwa mlandu, ndipo tinapereka ndalama kuti atuluke. Zonse mukunenazi zimamuthandiza chiyani?
*Mlongo wake, Blantyre*

Chemwali, pepani ndi zimene zinachitikazo. Pa mfundo zonse za liberalism, yakale ndi yogwirika kwambiri ndi imeneyi: boma likagwira thupi la munthu, liyenera kumubweretsa pamaso pa woweruza n'kunena chifukwa. Angerezi anailimbitsa ndi lamulo la 1679, ndipo kwa ife ili mu gawo 42 la malamulo aakulu.

Munthu akamangidwa ayenera kuuzidwa msanga chifukwa chake, m'chinenero chimene amamva. Ayenera kuuzidwa kuti ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo sakakamizidwa kuvomera mlandu. Ali ndi ufulu woonana ndi loya ndi woyenderedwa ndi abale, m'busa kapena dokotala. Ayenera kufika kukhoti pasanathe maola 48. Maolawo akathera usiku, Loweruka, Lamulungu kapena pa tchuthi, afike tsiku loyamba lomwe khoti latsegula. Kupanda kutero atulutsidwe. Apa mpamene ambiri amapwetekera, chifukwa womangidwa Lachinayi madzulo angathe kugona mpaka Lolemba lamulo lisanaswedwe, koma womangidwa Lolemba n'kufika Lachisanu osaona khoti walakwiridwa. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Ndalama imene munapereka popanda lisiti sinali belo.

Ngati anamugwira pa mlandu wa vakabu, dziwani kuti mu Januwale 2017 khoti lalikulu ku Blantyre linathetsa ndime 184(1)(c) ya malamulo a milandu, imene inkalola kumanga munthu pongomuganizira kuti ali pamalo ndi cholinga choipa. Amene anatengera nkhaniyo kukhoti anali venda wa majumbo, wogwidwa m'mamawa akupita kumsika ndi katundu wake. Majaji anapeza kuti ndimeyo inali yosamveka bwino, inkapatsa wapolisi mphamvu yosankha yekha woti amangidwe, ndipo inkagwera osauka oyenda pansi.

Zikadzachitikanso, lembani tsiku ndi ola lomwe wagwidwa, dzina la polisi, ndi dzina kapena nambala ya wapolisi ngati mwaiona, chifukwa maola 48 amawerengedwa kuyambira pamenepo. Funsani mwaulemu kuti mlandu wake ndi uti ndipo walembedwa m'buku liti. Pemphani kuonana ndi mkulu wa polisiyo za belo, mutatenga chiphaso chanu cha unzika ndi munthu wina wodziwika womuimira. Muuzeni asasaine pepala lomwe sanawerenge kapena kuwerengeredwa. Nthawi ikadutsa, pitani ku ofesi ya Legal Aid Bureau, imene imaimira osatha kulipira loya, kuti akapemphe khoti lilamule apolisi kumubweretsa. Za masiku anayi apitawo ndi ndalama munaperekazo mungadandaule ku Independent Complaints Commission, yomwe imafufuza madandaulo okhudza apolisi, kapena ku Malawi Human Rights Commission, ndipo nkhani ya ziphuphu ndi ya Anti-Corruption Bureau. Munthu wotsekeredwa popanda lamulo angathenso kusumira boma kuti limulipire chipukuta misozi. Mlandu wotere uli ndi nthawi yake yoikika, choncho kaonaneni ndi loya mwezi uno, mutatenga mayina a anthu amene anaona akumugwira ndi amene analipo popereka ndalamazo.